Kambedza ka Pawindo

Pa shelefu ya m'khitchini mwanga muno ku Barking pali kachitsulo kokhota ngati mbedza, kotalika ngati chala, kadzimbiri kunsonga, kotsala ndi penti wobiriwira pang'ono pakhosi. Alendo akakaona amayesa n'kopachikira makiyi. Tsiku lina mwana wanga anakaponya m'bini pokonza m'nyumba, ndipo ndinamukalipira mpaka anadabwa, inenso ndinadzidabwa. Kachitsuloko kanali kokowetsera chitseko cha windo la chipinda changa, m'katauni kena ka ku France kumene tinasamukira ndili ndi zaka khumi.

Tinapita kumeneko chifukwa cha Ankolo. Sanali malume anga ayi. Anali mzungu wa ku Scotland, wamtali, wa nsidze zowirira, amene anakwatira amayi ine ndili kale pasukulu. Tsiku loyamba kubwera kwathu amayi anati, "Apatse moni ankolo," ndipo dzinalo linakakamira. Ukwati unachitika, mphete zinavalidwa, koma kuti ndisinthe n'kumati adadi, pakamwa panakana. Iwo sizinkawavuta. Ali mnyamata anagwirako ntchito yokonza makina ku esiteti ya tiyi ku Mulanje, ndipo anabwerako ndi Chichewa chachikale, chaulemu wopitirira, chimene amayi ankati chimanunkha buku la nyimbo. Ndi Chichewa chomwecho anawakola amayi pakhomo la tchalitchi. Zaka zambiri pambuyo pa Mulanje anazithera ku Greenwich, kukonza injini za maboti a pamtsinje. Manja awo ankadziwa chilichonse. Ketulo ikafa, zipi ya chikwama changa ikakana, njinga ya mwana wa aneba ikaduka tcheni, zonse zinkapita kwa Ankolo n'kubwerako zamoyo.

Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Ankachoka m'mawa atavala yunifomu yabuluu, n'kubwera madzulo akununkha sopo wa kuntchito, mapazi atatupa. Ine ndinali ndi dziko langa lokwanira: anzanga a pabuloko, sitima zodutsa kuseri kwa fulati yathu zimene zinkagwedeza makapu m'kabati, msika wa nsomba zouma ndi nthochi zophika, ndi Lamlungu la kutchalitchi kumene azimayi onse anali azakhali anga ndipo aliyense anali ndi ufulu wondikoka khutu. Sindinkadziwa kuti ndimakonda phokoso mpaka litandichokera.

Nkhani ya ku France inangogwa ngati mvula ya padzuwa. Ankolo anali atangopuma ntchito, ndipo ananena kuti akufuna kukakalambira kumalo kopanda anthu ambiri. Azakhali a ku Tottenham, achemwali awo a amayi, anabwera dala pa basi kudzatsutsa. "Inu achemwali, mukukatani kumeneko? Chifalansa simuchidziwa, ntchito mulibe, church kulibe. Mwanayu bwanji?" Amayi anangopitiriza kukulunga mbale m'manyuzipepala. Ine ndinalira mpaka kusanza, ndipo m'pamene amayi anandikhazika pa katoni ya mabuku, n'kundigwira maondo onse awiri. "Tamvera. Ikafika Pasaka usanazolowere, tibwerera. Ndalonjeza." Mawu amenewo ndinawanyamula mosamala kuposa katundu yense amene analowa m'galimoto.

Tinafika masamba atayamba kugwa. Katauniko kanali ndi msewu waukulu umodzi, tchalitchi cha miyala chokhala ndi belu, shopu ya buledi, shopu ya mankhwala, ndi ngalande ya madzi odekha imene inkadutsa kumunsi. Nyumba yathu inali pakati penipeni, yoyang'anizana ndi shopu ya buledi, yozizira ngati mtsuko, ya masitepe olira. Belu la masana likangolira, tauni yonse inkafa. Mashopu ankatsekedwa, msewu unkatsala ndi mphaka, anthu onse ali m'nyumba kudya. Ankolo tsiku loyamba anapita kukagula misomali pa nthawi yomweyo, anapeza potseka, n'kubwerako akulalata kuti dziko lonse silingaleke ntchito chifukwa cha supu. Basi yopita ku tauni yaikulu inkabwera m'mawa n'kubwerera madzulo, ndipo Lamlungu sinkaoneka n'komwe.

Chimene sitinkachidziwa chinali nkhani ya mawindo. Nyumba iliyonse kumeneko ili ndi zitseko za matabwa kunja kwa mawindo. Madzulo amazitseka, m'mawa amazitsekula n'kuzikowetsa kukhoma ndi timbedza kuti mphepo isazimenyetse. Ife tinkayesa n'zokongoletsa chabe. Tsiku lina kutazizira kwambiri amayi anazitseka zonse, m'mawa mwake n'kuzisiya chomwecho kuti kutentha kusathawe. Dzuwa lisanakwere n'komwe kunamveka kugogoda. Anali mayi wa shopu ya buledi, wamfupi, wa ufa mpaka m'zigongono, nkhope ili gwa ndi mantha. Analankhula zambiri zimene sitinamve, kenaka analoza mawindo, napendeketsa mutu pa manja ake ngati wogona, n'kupanga chizindikiro cha mtanda. Apo m'pamene tinamva. Kumeneko zitseko zotseka dzuwa litatuluka zimanena kuti m'nyumbamo muli matenda kapena maliro. Tauni yonse imawerenga mawindo ngati mmene kwathu timafunsirana kuti mwadzuka bwanji.

Amayi anaseka pamaso pa mayiyo, koma atatseka chitseko sanasekenso. Kuyambira tsiku limenelo ntchitoyo inakhala yanga, ndipo inalibe tchuthi. "Tsekula mawindo anthu asatifunse," ankatero m'mawa uliwonse ndisanasukusule n'komwe. Ndinkayenda chipinda ndi chipinda, kukankha matabwa olemera aja, chitsulo chozizira chikundiluma zala, chifunga chikulowa m'nyumba limodzi ndi fungo la buledi wotentha. Tsidya lina mayi uja ankakweza dzanja, inenso n'kukweza langa. Ndinkadana nayo ntchitoyo. Ndinkaona ngati akundituma kukanama m'malo mwa banja lonse, ndipo lero ndikaganiza, sindinkalakwitsa kwenikweni.

Kusukulu ndinali ndekha wakuda, ndekhanso wosalankhula. Aphunzitsi anali mayi wochepa thupi, wa magalasi olendewera pa kachingwe, amene sankamwetulira mwachisawawa. Anandikhazika kutsogolo, pafupi ndi chitofu, ndipo tsiku lililonse ankandilozera chinthu chimodzi n'kutchula dzina lake pang'onopang'ono, kudikira kuti ndibwereze. Ine ndinkatseka pakamwa dala. Nzeru yanga inali yakuti ndikangophunzira Chifalansa, amayi adzati ndazolowera, ndiye Pasaka idzadutsa tili pomwepo. Koma makutu alibe chitseko. Mawu ankalowa okha, ndipo pofika Khirisimasi ndinkamva zambiri zimene ana anzanga ankanena za tsitsi langa, ndikunamizira kuti sindikumva. Aphunzitsi ankadziwa. Ankangondiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kupitiriza kulemba pabolodi.

Ankolo okha ndiye ankaoneka ngati zinthu zikuwayendera. Ankadzuka n'kuphika phala lawo la mbewu ya kwawo yotchedwa oats, lothira mchere, limene anabweretsa thumba lathunthu poopa kuti Afalansa sadziwa kudya m'mawa. Ankatuluka m'chisanu atavala kabudula ndi juzi yoluka, anthu n'kumawayang'ana pamawindo ngati akuonera filimu. Anali ndi kabuku ka Chifalansa kamene sikankachoka m'thumba, koma mawu ake sankakhala m'mutu mwawo. Akalowa m'shopu ya buledi ankavula chipewa, n'kutsekula pakamwa kuti anene moni wa kumeneko, koma chotuluka chinali, "Mwadzuka bwanji, mayi?" Mayi wa buledi ankayesa ndi chilankhulo cha ku Scotland. Posapita nthawi anaphunzira moniwo, ndipo ankawayankha monyadira ndi lilime lake lolemera, anthu a pamzere n'kumaseka mokoma. Akafuna chinthu n'kulephera kuchitchula, ankangoloza, aliyense n'kumawathandiza kusaka mawuwo. Palibe amene ankadabwa, pajatu anali mlendo.

Ine ndinkaona zonsezi chifukwa amayi sankalola kuti Ankolo atuluke okha. "Pita nawo ukamveko Chifalansa," ankatero. Masiku opanda sukulu ndinkawatsata ku buledi, ku positi, kumsika wa Loweruka kumene ankanunkhiza tchizi n'kuchita tsinya. Nthawi zina pobwerera ankaima pamphambano n'kuyang'ana uku ndi uku kwa nthawi yaitali. Kenaka ankanditsinzinira diso n'kunena kuti, "Tiyeni tione ngati dona wamng'ono akudziwa njira." Ine ndinkatsogola monyada, ndikuyesa ndi masewera.

Amene anasintha, m'maso mwanga, anali amayi. Ku Barking anali munthu woseka mokweza, woimba posita zovala. Ku France anasanduka mlonda. Chitseko cha kumsewu ankachikiya ngakhale masana, kiyi n'kumuvala m'khosi pa chingwe cha nsapato. Machesi anawabisa. Gasi wa chitofu ankamutseka kuseri akangomaliza kuphika. Kenaka tsiku lina analengeza kuti galimoto yawonongeka. Ankolo anatsekula boneti, anaima pamenepo m'mawa wonse akuyang'ana, natseka osagwira kanthu. Madzulo ake, pofuna ndolo zanga m'kabati ya amayi, ndinapeza makiyi a galimoto atakulungidwa m'mpango. Mtima unandiwawa zedi. Galimotoyo ndi imene inatibweretsa, ndiyo inayenera kutibweza, ndipo amayi anaipha ndi bodza. Sindinawafunse. Ndinangoyamba kuwayankha m'Chingerezi chokhachokha, chifukwa ndinkadziwa kuti zimawapweteka.

Lamlungu masana ankaimbira foni azakhali a ku Tottenham. Ndinkakhala pa masitepe kumvetsera. "Tili bwino, achemwali, kuno n'kwa phee, no stress, ma shifti kulibe. Mwanayu akuzolowera." Ndinkafuna kukuwa kuti akunama. Akatsitsa foni ankalowa m'kachipinda kochapira, n'kuyatsa makina ngakhale mulibe zovala zokwanira, ndipo ankatulukamo maso ali ofiira. Ine ndinkati ziwaone, anazifuna okha. Mwana akakwiya amakhala woweruza wouma mtima, ndipo ine ndinali wotero.

Kambedza kaja kanazuka mwezi wa mphepo, chaka chatsopano chitangolowa. Ndinakankha chitseko cha windo langa m'mawa, mphepo inachilanda, n'kuchimenyetsa kukhoma, kachitsuloko n'kugwera pansi m'chipinda ndi tisikuluwu take tiwiri. Ankolo anamva phokosolo, anabwera ndi bokosi lawo la zida, nkhope ikuwala. Ntchito yotere kale ankaimaliza tiyi asanazizire. Anagwada pawindo, anatenga sikuludiraiva, anamuyang'ana, anamubweza. Anatenga hamala. Anaika kambedzako chadodolido, anakatembenuza, anakatembenuzanso. Tisikuluwu tinagwa, ndinatola, tinagwanso. Ndinaona thukuta likutsika pakhosi pawo m'chipinda chozizira chija. Amayi anafika n'kuima pakhomo. Potsiriza Ankolo anandigwira dzanja, anaika kachitsuloko m'chikhatho mwanga, n'kupinda zala zanga pamwamba pake. "Musunge bwino, dona. Ndikonza mawa."

Amayi anang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje chakale, n'kumangira chitsekocho ku msomali. Ine ndinaika kambedzako m'thumba la jekete. M'mawa mwake ndinawakumbutsa Ankolo, anati mawa. Ndinawakumbutsanso kangapo, mpaka amayi anandiletsa ndi diso.

Chisanu chinayamba kutha. M'minda ya m'mbali mwa ngalande munatuluka maluwa achikasu, ndipo m'shopu ya buledi munadzaza mazira a chokoleti. Ine sindinazolowere, ndipo ndinkaonetsetsa kuti aliyense akudziwa. Chikwama changa ndinachilongedza Pasaka isanayandikire n'komwe, ndinachibisa kunsi kwa bedi, ndipo madzulo alionse ndinkachikoka kuti ndione ngati zonse zilimo. M'mutu mwanga ndinali nditakwera kale sitima, ndikumva mawu aja olengeza kuti tafika ku Barking.

Linali tsiku la sukulu, sabata yomaliza tisanatsekere Pasaka. Ndinadzutsidwa ndi amayi akuthamanga pa masitepe, akuitana dzina la Ankolo chipinda ndi chipinda. Dzulo lake anali atavula kiyi uja posamba n'kumuiwala pa sinki. Chitseko cha kumsewu chinali chotsekula, Ankolo kulibe, bokosi la zida kulibenso. Amayi anavala jasi pamwamba pa zovala zogonera, anandigwira mapewa mwamphamvu mpaka kundipweteka. "Khala momwemuno. Usatsekulire munthu. Ndikubwera pompano." Anatuluka n'kundikiyira mkati. Za mawindo palibe amene anakumbuka.

Ndinakhala pa masitepe mumdima, kunja kutacha. Kuwala kunkalowa m'timipata ta matabwa n'kujambula mizere pansi, fumbi likuyandama m'mizeremo. Nyumba inkanunkha phala lopserera, chifukwa Ankolo anali atayesa kuphika asanachoke, gasi atamupeza kuseri kuja. Ndinamva belu likulira, ndinamva ana akudutsa kupita kusukulu, mawu awo akuchepa mpaka zii. Sindinachitepo mantha otero. Ndinkaganiza kuti amayi nawonso akasochera, ndidzafera m'nyumba ya miyala iyi, m'dziko la eni, popanda wodziwa dzina langa.

Kugogoda koyamba kunali kwa mayi wa buledi. Ndinamuzindikira mawu, koma ndinakhalabe pa masitepe monga anandiuzira amayi. Anachoka. Patapita nthawi kunabwera mapazi ambiri, ndi mawu ena amene ndinkawadziwa bwino, akutchula dzina langa pang'onopang'ono ngati m'kalasi. Aphunzitsi anali ataona mpando wanga uli wopanda munthu, anasuzumira kunja naona mawindo athu ali otseka, n'kusiyira kalasi munthu wina.

Ndinakwera kuchipinda changa, ndinakankha chitseko chija cha chitenje. Kuwala kunandibaya m'maso. Pansi panali aphunzitsi, mayi wa buledi, bambo wa shopu ya mankhwala, ndi agogo ena awiri a ndodo, onse atakweza nkhope. Aphunzitsi anafunsa kuti amayi ali kuti. Ndinadziwa kuti ndikayankha, nzeru yanga ya miyezi yonse ija yathera pomwepo. Ndinayankha. Chifalansa chinatuluka chokha, chopindikapindika koma chomveka: kuti bambo achoka, kuti amayi akuwafuna, kuti atenga zida zawo, kuti anditsekera. Liwu limene ndinagwiritsa ntchito ponena za Ankolo linali la bambo, chifukwa ndi limene linabwera msanga. Aphunzitsi sanadabwe ngakhale pang'ono kundimva ndikulankhula. Anangogwedeza mutu, natembenukira anthu aja, ndipo m'kanthawi kochepa msewu unali ndi njinga ndi magalimoto opita mbali zonse. Aphunzitsiwo anatsala pansi pa windo langa, akundifunsa mayina a mitundu ya zinthu zimene ndinkaziona kuchokera pamwambapo, kuti ndisalire.

Ankolo anapezeka kumunsi kwa ngalande, kutali ndithu, pamalo pamene maboti amadikirira kuti madzi akwere. Anali atavala ovololo yawo yakale ya kuntchito, atakhala pa bokosi la zida, akudikira boti loti alikonze. Anauza mwamuna wa mayi wa buledi, amene anawapeza, kuti achedwa shifti ndipo abwana akwiya. Iye sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anawatsekulira chitseko cha galimoto yake yonyamulira buledi, iwo n'kukwera mwaulemu. Galimotoyo inawatola amayi m'njira, ali kumbali ina ya tauni, masilipasi atanyowa ndi mame.

Ndinaonera pawindo pamene ankatsika. Anthu anali atadzaza pakhomo pathu, ndipo belu la masana linali litalira kale koma palibe amene anapita kukadya. Amayi anatsika kumbuyo, anazungulira galimoto, n'kutambasula dzanja kuti awathandize. Ankolo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anavula chipewa, anawerama pang'ono monga ankachitira kwa alendo pakhomo la tchalitchi.

"Muli bwanji, mayi?"

Ndinaona dzanja la amayi likutsika pang'onopang'ono. Anapinda maondo pang'ono, mwa ulemu wa kwathu.

"Ndili bwino, bambo, kaya inu? Tiyeni tilowe, kunja kukuzizira."

Anthu aja Chichewa sankachidziwa, koma onse anamva. Mayi wa buledi anaphimba pakamwa ndi epuloni. Bambo wa mankhwala ananyamula bokosi la zida n'kulilowetsa m'nyumba, kenaka iye ndi aphunzitsi anayenda chipinda ndi chipinda kutsekula mawindo athu onse. Pofika madzulo Ankolo anali atabwerera m'maganizo mwawo, akuwatchula amayi dzina, akudandaula kuti wina wapsereza poto.

Ine, kunena zoona, pansi pa mantha onse aja ndinali ndi chimwemwe. Ndinkati basi, zaululika, tauni yonse yaona kuti sitili bwino, palibenso chotisunga kuno. Loweruka la Pasaka ndinatsitsa chikwama changa n'kuchiika pakhomo la khitchini. Amayi anali akusenda mbatata. Anachiyang'ana, anandiyang'ana, anaika mpeni pansi.

"Sitipita, mwana wanga."

Ndinawayankha m'Chichewa, koyamba patapita miyezi, chifukwa ndinkafuna kuti liwu lililonse liwalowe. "Munalonjeza. Munandigwira maondo, munalonjeza."

"Ndinalonjeza," anatero. "Koma ndinalonjeza anthu awiri. Winayo sangathenso kundikumbutsa."

Ndinakuwa, ndinamenyetsa zitseko, ndinanena mawu amene mwana sayenera kuuza mayi ake. Iwo anatola mpeni n'kupitiriza kusenda mbatata, misozi ikugwera m'beseni. Tinakhala m'katauniko mpaka Ankolo anatisiya, ine nditakula ndithu, ndikulota m'Chifalansa. Kuyambira tsiku la ngalande lija kiyi anachoka m'khosi mwa amayi. Ankolo akatuluka, mayi wa buledi ankawaitanira khofi, wa positi ankawabweza akalowera kolakwika, ndipo agogo a ndodo aja ankakhala nawo pa benchi, aliyense akulankhula chilankhulo chake. Koma usiku ndi m'mawa, kusambitsa ndi kuveka ndi kunyengerera kuti adye, zinali za amayi okha. Ntchito imene ku Barking ankaigwira n'kuweruka, kumeneko inalibe ola lowerukira.

Zina zonse amayi anandiuza titabwerera kuno, tili pa sitima tsiku lina, akuyang'ana pawindo. Iwo anazindikira matendawo kalekale tili ku Barking, chifukwa anali atawaona pa okalamba ambiri. Ankolo nawonso ankadziwa. Sanapume ntchito mwa kufuna kwawo, anachita kupemphedwa, ataiwala kumanga chinthu china pa injini. Chimene ankaopa sichinali imfa. Ankaopa kuti anzawo a pamtsinje ndi anthu a kutchalitchi, amene ankawabweretsera zinthu zakufa kuti azidzutse, adzawaone akulephera kutchula supuni. Anapempha amayi kuti awatengere kumalo kumene munthu wosowa mawu amangotchedwa mlendo, ndipo asadzawabweze zivute zitani. Amayi anavomera akudziwa bwino lomwe kumene msewuwo ukuthera. Lonjezo langa anandipatsa ali ndi chiyembekezo chakuti ndizolowera msanga, kuti asadzafike posankha. Mpaka lero sindinganene kuti anandichitira chilungamo, komanso sindikudziwa kuti ine ndikanatani.

Koma Pasaka imeneyo zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti ndatsekeredwa, ndipo wonditsekera ndi amayi. Sizinandifikire m'mutu kuti iwo ndiye anali mkati kwambiri kuposa ine, ndiponso kuti kiyi wa m'khosi uja sankawatsekulira kulikonse. M'mawa mwa Lamlungu ndinadzuka maso atatupa, belu likulira mosalekeza. Ndinayenda chipinda ndi chipinda kutsekula mawindo monga mwa masiku onse, mayi wa buledi anakweza dzanja, ine n'kukweza langa. Windo langa ndinalimanga ndi kansalu ka chitenje, kamene kanali katayamba kutuwa ndi mvula. Ankolo anadutsa pakhomo atanyamula mbale ya phala, anaima, anayang'ana mfundo yangayo n'kupukusa mutu, kunena kuti windo labwino chotero likufunika kambedza. Ndinapisa dzanja m'thumba n'kukagwira kachitsulo kaja, koma sindinakatulutse, chifukwa ndinali nditakwiyira nyumba yonse. Ndinaganiza zowapatsa tsiku lina ndikadzakhululuka. Ndinkayesa angoiwala chabe, ngati mmene aliyense amaiwalira, ndipo mawa akumbukira.